Masika akale patsinde pa phiri la Zomba

Dzungu loyamba la chaka silinkathyoledwa ndi mwana. Ngakhale ulione lafiira pakati pa mizere, phesi lake litayamba kuuma, unkangolilambalala n'kukauza akuluakulu. Kwathu, m'dera la mfumu Malemia, pakati pa tauni ya Zomba ndi Songani, wolamula zimenezi anali anganga, amayi awo a amayi anga, pakuti munda unali wa mbumba yawo ndipo abambo anali akamwini. Ankapita okha m'mamawa, n'kuligogoda dzungulo ndi chala, kenaka n'kukanda khungu lake. Chikhadabo chikalowa, ankalisiya. Tsiku lomwe akhutira nalo ankabwera nalo pamodzi ndi mondokwa ziwiri zitatu, zonse n'kuphikidwa mumphika umodzi. Asanagawire aliyense ankatapako pang'ono n'kukaika patsinde pa mtengo wa msolo kuseri kwa mudzi, akutchula mayina a makolo amene anatsogola. Anali munthu wobatizidwa ku mishoni ya Domasi, wosajomba kutchalitchi, koma ankati amene anaswa mphanje m'munda umenewo sangaiwalidwe pa tsiku loyamba kudya za m'menemo.

Inu adzukulu anga mukamva zotere mungayese kuti zinali za mizimu zokhazokha. Lamulolo linkatchinjirizanso munda. Pofika Febuluwale nkhokwe zambiri zinkakhala zitatha psiti, ndipo ife ana tinkayenda m'mizere maso ali pa ndevu za chimanga. Akanatilekerera tikanachimaliza chisanakhwime. M'nyumba zomwe njala yafika pakhosi ankathyola chimanga chongoyamba kulimba, n'kuchiyanika, n'kusinja ufa wa chitibu, koma aliyense ankadziwa kuti chitibu ndi ngongole yomwe nkhokwe idzabweze mu Disembala. Tsono pakamwa pa mudzi pankatsekulidwa ndi munthu mmodzi, tsiku limodzi, ndipo kuyambira pamenepo ndiye tinkati masika afika. Inali nthawi yochokera chakumapeto kwa Malichi kukafika mu Meyi, mvula ikutsazika, m'mawa kukuyamba kuzizira.

Munda wa masiku amenewo sunali wa mbewu imodzi. Paphando pomwe pagwa chimanga chamakolo pankagwanso nthanga ya dzungu, penanso khobwe kapena nyemba. Nandolo ankaima apo ndi apo kudikira kuti anzake onse achoke. M'mphepete munali misale ndi mapira, pachulu mphonda, zipwete ndi nkhaka. Bonongwe, luni, chisoso ndi denje zinkamera zokha, ndipo wopalira wanzeru ankazipewa ndi khasu. M'zaka za m'ma 1950, pa nthawi ya Bwanamkubwa Colby, boma linabwera ndi malamulo a malimidwe okakamiza mizere yopingasa ndi milambala. Anthu analipitsidwa, ena anamangidwa, matutu a makolo anagwetsedwa, koma nthanga ya dzungu sinachoke m'phando.

Ndiyambe ndi nkhwani, chifukwa ndi amene ankatifikitsa pa masika tili amoyo, ndipo ankapitirira kukoma mpaka mpesa utauma. Nkhwani wabwino amathyoledwa m'mawa, ndipo sutenga tsamba lililonse. Umasankha anthete a kunsonga, kusiya nkhalamba zoyabwa zija kuti zidyetse dzungu. Kenaka kusadzula: umathyola phesi pang'ono kumapeto, n'kukoka ulusi wake kutsika nawo mpaka m'mitsempha ya tsamba, tsamba ndi tsamba, osathamanga. Mtsikana wosadziwa kusadzula ankadziwika tsiku loyamba lomwe waphikira apongozi, pakuti ndiwo zake zinkakanda kukhosi. Mumphika wadothi munkathiridwa madzi ochepa kwambiri, awire kaye ndi mchere, ndiye masamba n'kulowa. Pamwamba pake chiluwe, koma duwa lokhalo lopanda kamwana kunsi kwake. Lokhala ndi kamwana ndilo dzungu la mawa, ndipo mwana wolithyola ankakumana nazo. Tomato wake anali pwetekere wodzimerera kudzala, wowawasa bwino.

Potendera ndi pamene pankasiyana ophika. Nsinjiro suthira n'kuvundula nthawi yomweyo ayi. Umaziwaza pamwamba, n'kuvundikira, nthunzi izipyoze kaye mpaka fungo la mtedza wauwisi lichoke, kenaka ndiye utakase ndi mthiko pang'onopang'ono moto uli wochepa. Ukafulumira zimachita mibulu, ukachedwa zimapserera pansi. Kumayambiriro kwa masika mtedza watsopano unkakhala usanakumbidwe, wa chaka chatha utapita kumbewu, choncho tinkatendera ndi nthanga za maungu zokazinga paphale n'kusinja. Kukoma kwake n'kwina, konunkhira utsi pang'ono, ndipo ine mpaka lero ndimazikonda kuposa mtedza. Mafuta a m'botolo kumudzi kunalibe. Masiku ano azaumoyo akuti mavitamini ena a m'masamba thupi limawalandira bwino pakakhala mafuta. Ntchito imeneyo nsinjiro zinkaigwira kale.

Dzungu lenilenilo silifuna kumizidwa. Pansi pa mphika anganga ankayala zisononkho, madzi n'kulekeza pomwepo, zidutswa za dzungu n'kusanjidwa pamwamba, kenaka masamba a nthochi ndi mbale yovundikira. Linkapsa ndi nthunzi, n'kutuluka louma bwino, laufa. Tinkadya m'mawa popita kumunda, tinkadyanso masana m'malo mwa nsima, ndipo apa mpamene panali nzeru yake: tsiku lililonse lomwe banja lakhuta maungu, mondokwa kapena mbatata, mtondo sunalire, ndiye kuti chimanga chinkapeza mpata wouma bwino m'munda. Podya, anganga ankalawa dzungu lililonse. Likakhala lozuna ankalamula kuti nthanga zake zisasakanizidwe ndi zina. Zimenezo zinkatsukidwa, kuyanikidwa, kupakidwa phulusa, n'kusungidwa m'chipanda chotseka ndi chisononkho. Za dzungu lamadzimadzi ndizo zinkapita paphale. Mbewu ya maungu ya pamudzi pathu inasankhidwa ndi lilime motero kwa mibadwo, ndipo mkazi akamakwatiwa kutali ankapatsidwako. Maungu okhwima kwambiri ankathyoledwa ndi phesi lake, osawagwetsa, n'kuikidwa pansi pa nkhokwe pamthunzi, ndipo ena ankafika Ogasiti ali bwinobwino.

Mbatata inkayamba kukumbidwa mu Epulo. Yongokumba kumene tinkaotcha m'phulusa kapena kuphika futali: kusenda, kuduladula, kuphika ndi mchere pang'ono, ikafewa n'kuthira nsinjiro mpaka zigwirane. Futali wa dzungu analiponso, wofewa, wa ana ndi okalamba opanda mano. Mbatata yotsala inkakwiriridwa m'nkhuti, dzenje lowazidwa phulusa, ndipo ikakhalitsamo inkatsekemera koposa. Yofiira m'kati yomwe mukuitcha Zondeni ndi ya posachedwapa. Yathu inali yoyera ndi yachikasu pang'ono, ndipo kholowa wake ankayamba wafota padzuwa asanalowe mumphika kuti asatelere. Madzulo pabwalo pankayenda lichero la makata a khobwe, mtedza wauwisi wophika ndi makoko ake, nzama, ndi misale yotafuna. Makata a nandolo ankabwera pambuyo, kuzizira kutakhazikika. Anansi athu Achilomwe, amene makolo awo anawoloka kuchokera ku Mozambique, anali akatswiri a kalongonda, yemwe amawiritsidwa tsiku lathunthu, madzi akutayidwa kangapo, chifukwa wosapsa amaledzeretsa ndipo angathe kupweteka munthu. Mphika umenewo sankasiyira mwana.

Therere linali ndi mwambo wakewake, mwambo wa chidulo. Makoko a nyemba, mapesi a mtedza kapena zisononkho zinkatenthedwa pamalo oyera, phulusa lake n'kuikidwa m'kamphika kobooka pansi koyalidwa udzu, madzi n'kumadontha pang'onopang'ono m'mbale. Kumeneko ndiko kucheza chidulo. Chinkafewetsa therere lobala, denje, chigwada ndi masamba okhwima. Masika ndiyo inali nthawi yosonkhanitsa phulusa labwino, pakuti makoko anali mbwee. Anganga ankasimba kuti pa utsikana wawo ngakhale mchere unkachezedwa chimodzimodzi, kuchokera ku dothi la m'zigwa za nyanja ya Chilwa, ndipo anthu a kumeneko ankabwera nawo kudzasinthanitsa ndi chakudya. Ine ndinakula mchere uli wa m'sitolo za Amwenye m'tauni, koma matemba ankabwerabe kuchokera ku doko la Kachulu panyanjapo, ndipo nthawi ya masika mbale ya chimanga inkagula mbale ya matemba popanda ndalama kuonekera.

Zonsezi ndi za kudya tsiku lomwelo. Ntchito yaikulu ya masika, imene ndikufuna muimvetse, inali kuphikira miyezi yomwe isanafike. Pamoto pa amayi pankakhala miphika iwiri: waung'ono wa ndiwo za madzulo, ndi waukulu wofutsira ndiwo za Okutobala.

Kuno ku Zomba nthawi yofutsa ndi yaifupi kuposa kuchigwa. Ukayamba msanga mvula ikukubwerera, ukachedwa chiperoni wakupeza, nkhungu ija imatsika m'phiri ndi mvula yowaza n'kukhala masiku osaona dzuwa. Mfutso wogwidwa ndi chiperoni uli pamphasa umachita nkhungu n'kununkha, ntchito yonse n'kupita kudzala. Choncho amayi ankadzuka n'kuyang'ana kumwamba kwa phiri. Kukakhala koyera, tsiku limenelo panalibe wopita kukacheza. Tonse atsikana tinkalowa m'munda ndi madengu mame atangouma. Mfumu ya mfutso inali chitambe, masamba a khobwe, chifukwa sichitaya kukoma ngakhale chikhale chaka. Pambuyo pake khwanya, nkhwani wosadzula bwino, bonongwe ndi chisoso. Masambawo ankayamba afota pang'ono, ndiye n'kuponyedwa m'madzi owira kale. Apa pankafunika maso. Sukuphika ndiwo, ukungozidzidzimutsa: zikangosintha mtundu n'kugona, zitsike. Ukapitiriza, mfutso umadzasanduka phala podzauphika. Ukapanda kuwiritsa n'komwe, umafumbutuka n'kukhala fumbi, ndiponso sufewa. Akatsanula ankafinya madzi n'kumwaza pamphasa pamwamba pa thandala, kutali ndi nkhuku ndi mbuzi, wina n'kumatembenuza. Ife ana ntchito yathu inali kukhala pompo ndi kamtengo, ndi kuthamangitsira mphasa m'nyumba kukachita mdima kuphiri. Therere lobala ndi denje sizinkawiritsidwa. Therere linkadulidwa timagawo n'kuyanikidwa, denje n'kuumitsidwa kuti adzasinje. Bowa wa kumapeto kwa dzinja, wotoledwa pansi pa misuku ndi mitondo ya m'mbali mwa phiri, nayenso ankafutsidwa.

Mfutso ukauma mpaka kumalira m'manja, unkamangidwa m'chikwatu. Ambiri a inu simunachione. Tinkakathyola masamba aakulu a msuku m'munsi mwa phiri, n'kuwasanja mopiringizana m'dengu, mfutso n'kutsanuliridwa pakati, masamba ena pamwamba, ndiye n'kukulunga ndi luzi mbali zonse mpaka chikhale chobulungira ngati mutu wa munthu. Tsamba la msuku ndi lolimba, silibooka msanga, ndipo chinyezi sichilowa. Chikwatu chinkapachikidwa kutsindwi pamwamba pa moto, utsi n'kumachiteteza ku tizilombo. Mtundu uliwonse unali ndi chake, ndipo amayi ankazindikira cha chitambe ndi cha nkhwani pongoona mfundo ya luzi. Pofuna ndiwo ankaboola pang'ono pambali, kutapa dzanja limodzi, n'kutsekanso. Mlendo wachikazi akalowa m'khitchini mwa mnzake maso ankayamba apita kudenga, ndipo azakhali okafunsira mbeta mwana wawo ankabwerako atawerenga zikwatu mwakachetechete. Sankayang'ana chuma. Ankafuna kudziwa ngati pakhomopo pali munthu woganiza za chilimwe dzinja lisanathe. Mtengo wa msuku tsono unkatidyetsa kawiri, zipatso mu Novembala ndi Disembala, masamba pa masika, ndipo sunkadulidwa wamba.

Panali khitchini ina yomwe ndinaidziwa kudzera mwa abambo. Iwo ankagwira ntchito ya ukhukhi kwa mzungu wina wa boma, m'nyumba za kumtunda zija zoyandikana ndi mtsinje wa Mulunguzi. Paja Zomba ndiyo inali likulu la dziko kuyambira 1891 mpaka 1975 pamene linasamukira ku Lilongwe, ndipo mabanja ambiri a kuno anali ndi wina wophika, wochapa kapena wolima maluwa kumeneko. Mitengo yambiri ya zipatso yomwe lero mukuiyesa yamakolo inafala kuchokera m'minda ya amishoni ndi ya azungu oyambirira. John Buchanan, amene anabwera ndi mishoni ya Blantyre mu 1876 ngati wosamalira minda, anadzalima khofi ndi nzimbe m'mbali mwa Mulunguzi. Alexander Whyte anayambitsa munda woyeseramo zomera womwe ulipobe kufupi ndi nyumba ya Masongola. Ogwira ntchito ankatenga njere kupita nazo kwawo, mbalame ndi anyani n'kumalizitsa ntchitoyo, mpaka magwafa anadzaza m'makwawa.

Zipatso za masika zinali magwafa, mapeyala, magalagadeya ndi jamu, tizipatso tachikasu tija tobisala m'kathumba kouma. Kukayamba kuzizira kunkabwera manachesi, malalanje ndi mandimu. Kutchire tinkathyola nthudza, zomwe umayamba wazifinyafinya m'manja kuti zisiye kumata m'kamwa. Sitiroberi, mabulosi ndi tizipatso ta minga tomwe ana amakuthamangirani nato panjira ya Ku Chawe, zambiri mwa izo zimachuluka kukayamba kutentha. Kwa azungu, nyengo ya magwafa inali ya ntchito yosagona kwa abambo. Ankawawiritsa mpaka kusungunuka, n'kuwapachika m'nsalu usiku wonse kuti madzi adonthe okha osafinya, m'mawa n'kuyeza shuga wolingana ndi madziwo, n'kuwiritsanso mpaka dontho likagwera pambale yozizira liziuma. Mabotolo ankaphikidwa kaye, n'kudzazidwa zikadali zotentha, n'kulembedwa mwezi. Malalanje ankawaphika ndi makoko omwe. Tsiku lina anabwera ndi kabotolo kamodzi kunyumba. Anganga analawa, anavomereza kuti n'kokoma, n'kufunsa kuchuluka kwa shuga amene analowamo. Atamva, anati kusunga chakudya kotero n'kwa anthu a malipiro. Sananame. Shuga nthawi imeneyo ankachokera kunja, fakitale ya ku Nchalo inadzatsegulidwa mu 1966, ndipo kumudzi ankagulidwa wa tiki pakakhala wodwala. Koma abambo ankanena mobwerezabwereza kuti mkazi wa bwana wawo ndi apongozi awo ankaopa chinthu chimodzi, mwezi wopanda kanthu m'munda, kungoti wina ankadalira shuga ndi botolo, wina dzuwa ndi tsamba la msuku. Ife magwafa tinkadyera mumtengo momwemo, ndipo peyala tinkalipaka pa mbatata yootcha ndi kamchere.

Loweruka la masika msika wa Zomba unkasefukira. M'bandakucha anthu ankatsika m'phiri ndi mitolo ya mbatata ya kachewere pamutu, kudzera njira yotsetsereka yomwe azungu anaitcha Potato Path chifukwa cha iwo omwewo, ndipo dzinalo lilipobe. Kumwambako n'kozizira, nsonga ya Malumbe imapitirira mamita 2,000, ndiye kachewere ndi kabichi zinkachita bwino. A kuchigwa ankabwera ndi mpunga, matemba ndi mavwende, ife ndi maungu ndi mtedza. Amayi ankagulitsa zochepa chabe, zokwanira mchere, sopo ndi msonkho. Mfutso sankagulitsa pa masika. Amene anali nawo wotsala ankautulutsa mu Okutobala, pamene kamulu kakang'ono kankagulidwa mosanenerera.

Ndinali kamtsikana pamene tinaona chaka chopanda masika. Mvula inayamba bwino kumapeto kwa 1948, anthu anabzala, kenaka inadula chimanga chili m'mawondo. Imeneyo ndiyo njala ya 1949. Inapweteka kwambiri madera a Blantyre, cha ku Lunzu ndi Lirangwe, kumene anthu anafa ndipo amuna ambiri anachoka kukasaka chakudya osabwerera msanga, koma nafenso inatikhudza. Chaka chimenecho anganga sanapite kumsolo ndi dzungu, chifukwa mipesa inapsa isanachite maluwa. Chomwe chinatithandiza ife a patsinde pa phiri ndi timitsinje tosaphwa totsika kumwambako, momwe anthu anabzala mbatata m'madimba, komanso chinangwa, ndi zikwatu za chaka chapitacho zomwe zinali zisanathe. Musandimve molakwa, mfutso pawokha suchotsa njala. Koma nsima ya madeya kapena ya makaka, yowawa ndi yonunkha, mwana sangaimeze popanda ndiwo, ndipo dzanja limodzi la chitambe linkakwanira banja lonse. Amayi ankatapa ndi zala zitatu m'malo mwa dzanja, madzi n'kuchulutsa. Njala itadutsa boma linalimbikitsa kuti khomo lililonse likhale ndi munda wa chinangwa, koma za kufutsa panalibe wofunika kuuzidwa. Masika otsatirawo kutsindwi kwa nyumba iliyonse kunadzaza.

Zinachitikanso mwa mtundu wina mu 1968, nyanja ya Chilwa itaphwa mpaka anthu kumayenda pansi kupita ku chilumba cha Chisi. Chimanga chinalipo, koma matemba, makumba ndi milamba zinasowa pamsika, ndipo ndiwo za chilimwe chimenecho zinali nandolo ndi mfutso. Nyanjayo inaphwanso mu 1995 ndi mu 2018.

Nanga zonsezi za masika akale zinatha bwanji? Sizinathe tsiku limodzi. Tauni inakula, Chancellor College inabwera mu 1973, ogula ndiwo anachuluka, ndipo madimba a m'mbali mwa mitsinje ya Likangala ndi Domasi anayamba kutulutsa repu, chainizi, mpiru ndi kabichi chaka chonse. Zimenezo n'zabwino, sindizinyoza. Munthu wodya masamba aawisi mu Okutobala wapeza chomwe amayi anga sanachipeze. Koma ndiwo za kudimba zimafuna ndalama tsiku ndi tsiku, pamodzi ndi mafuta ndi anyezi, ndipo ndalama ikasowa mphika umagona. Alangizi ena anaphunzitsa kuti chimanga cha haibulidi chizikhala chokha m'munda. Tsopano kwabwera mankhwala opha udzu, amene sasiyanitsa udzu ndi bonongwe, ndipo mpesa wa dzungu amaupsereza. Ndadutsa m'minda ina mu Epulo, chimanga chili bwino ndithu, koma pansi pali mbee, popanda ngakhale tsamba limodzi loti munthu n'kuthyola. Misuku ya m'munsi mwa phiri, m'nkhalango yomwe boma linaiteteza kuyambira 1913, yambiri inapita ku makala ndi nkhuni. Chomwe chimandiwawa koposa ndi manyazi. Ndamvapo atsikana akunena kuti mfutso ndi ndiwo za amphawi, kuti mlendo sungamuphikire. Anganga ankaphikira mafumu chitambe chotendera, ndipo mbale inkabwerera yoyera.

Njala ya 2002 inathetsanso china. Chaka chimenecho anthu anadya chimanga chisanakhwime, akuba analowa m'minda usiku, ndipo eni minda anayamba kukolola chachiwisi poopa kuberedwa. Panalibenso wodikira kuti wamkulu alawe kaye. Kuchokera pamenepo ndaona makomo ambiri akukolola mothamanga, kugulitsa mothamanga kwa mavenda mitengo ili pansi, n'kudzagula chimanga chomwecho modula mu Januwale. Ndipo mvula nayo yasintha makhalidwe. Namondwe wa Freddy anabwera mu Malichi 2023, pakhomo penipeni pa masika, n'kukokolola minda maungu ali pafupi kukhwima.

Azaumoyo a masiku ano ali ndi mawu awiri pa zophika zathu zakale, ndipo ndawamvetsera. Akuti chidulo ndi soda zimaononga mavitamini ena, ndipo akuti masamba oyanikidwa pamthunzi podutsa mphepo amasunga mphamvu kuposa oyanikidwa padzuwa la phwee. Pa za mthunzi ndikuvomereza, mfutso wake umakhaladi wobiriwira, kungoti kuno umafuna masiku ouma enieni, apo ayi uchita nkhungu. Pa za chidulo, nkhwani wanthete ndi bonongwe sizichifuna n'komwe, ndipo amene amathira soda m'ndiwo zilizonse ndi waulesi wosankha masamba. Koma therere lopanda chidulo ine sindinalidyepo lokoma. Akunenanso za chuku mu mtedza, kuti chimadwalitsa chiwindi. Pamenepo akungobwereza za anganga, amene ankatikhazika pamphasa kusankha mtedza umodziumodzi tisanasinje, wakuda ndi wofota n'kutaya, osapatsa ngakhale nkhuku.

Mfutso umaphikidwa motere, pakuti ena mwa inu mungaupeze pamsika n'kusowa pougwira. Muuviike kaye m'madzi ofunda mpaka utambasuke, n'kuutsuka kawiri kuti mchenga utsike pansi. Uwire ndi madzi okwanira pamoto wodekha, nthawi yotalikirapo kuposa masamba aawisi, mpaka phesi lake liziphwanyika pakati pa zala. Ndiye mchere, tomato, nsinjiro pamwamba, kuvundikira, kutakasa. Kale unkatuluka nthawi yososa ndi yolima mizere, anthu akubwera kumunda atatopa dzuwa lili pamutu, ndiponso pamaliro ogwa m'chilimwe, pamene khomo lililonse linkabweretsa dzanja lake la mfutso kusiwa. Chikwatu chomaliza amayi sankachiboola mpaka nkhwani watsopano atayamba kuyanga mu Disembala.

Ngati masamba a msuku akusowa kwanuko, thumba la nsalu lopachika pouma likwanira, kapena chitini chotseka bwino, malinga mfutsowo wauma mpaka kulira. M'jumbo musaikemo, umachita thukuta n'kuola. Ndipo pothyola chitambe muzisiya masamba a kumunsi ndi nsonga yokulira, kuti khobweyo aberekebe.